Kodi ndigule kompyuta iti ya GPS ya panjinga, yoti igwirizane ndi masensa anga komanso idziwe misewu ya kuno?

Wakapalasa wa ku Zomba analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagwiritsa ntchito makompyuta a GPS omangirira pa handulo ya njinga, chifukwa ndakhala ndikusunga kandalama kwa nthawi ndithu ndipo sindikufuna kugula chinthu chimene chidzathere m'dilowa. Pakadali pano maulendo anga ndimawalemba ndi foni kudzera pa pulogalamu ya Strava, koma foniyo imakhala m'thumba la kumsana, kotero sindiona liwiro kapena njira mpaka nditaima, ndipo ndikayenda ulendo wautali batire limakhala litatsala pang'ono kutha pa nthawi imene ndingafune kuimbira munthu ngati tcheni chaduka ndili kutali ndi kwathu.

Masiku ambiri ndimapalasa pa msewu wa tala wopita ku Blantyre kapena kukwera phiri mpaka ku Ku Chawe, koma chimene chimandikoka mtima kwenikweni ndi misewu yafumbi ya kumunsi cha ku Jali ndi ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kumene mphambano zake zimafanana ndipo munthu umangodalira kufunsa odutsa. Chilimwe chikubwerachi ndikulingalira zopita kumpoto, kudutsa m'nkhalango ya Chikangawa, kukwera ku Livingstonia, ndipo mphamvu zikalola ndikafike ku Nyika.

Ndili kale ndi lamba wa pachifuwa woyeza kugunda kwa mtima komanso kasensa koyeza kuzungulira kwa mapedulo, zonse ndinazigula kwa munthu amene anasiya kupalasa, ndipo mabokosi ake analibe. Mlamu wanga amene amakhala ku Leeds ku Britain akubwera kumudzi ndipo wavomera kundigulira chipangizocho, koma akufuna ndimuuze dzina lenileni. Mayina amene ndikuwaona kawirikawiri ndi Garmin Edge 540 ndi 840, Wahoo ELEMNT BOLT ndi ROAM, komanso zotsikirako mtengo za Bryton ndi iGPSport. Mafunso anga ndi awiri. Kodi ndingadziwe bwanji kuti masensa amene ndili nawowa adzalumikizana ndi kompyuta imene ndigule? Nanga mapu a m'zipangizo zimenezi amadziwadi misewu yathu ya kumidzi, kapena ndidzalipira ndalama zambiri pa chinthu chimene chimangothandiza anthu a ku Ulaya?

Mkonzanjinga wa ku Limbe anayankha:

Achimwene, musanasankhe dzina lililonse yambani mwatembenuza masensa anuwo ndi kuona zimene zalembedwa kumbuyo kwake, pafupi ndi kachitseko ka batire. Mukuyang'ana zizindikiro ziwiri: mawu akuti ANT+ ndi chizindikiro cha Bluetooth chomwe mumachiona pa foni. Zimenezi ndizo njira ziwiri zimene masensa amatumizira uthenga ku kompyuta, ndipo ubwino wake ndi wakuti njirazi si za kampani imodzi, kotero lamba wa Polar amagwira ntchito pa kompyuta ya Wahoo, ndipo sensa ya Wahoo imagwira ntchito pa Garmin. Ambiri amaganiza kuti akagula Garmin ndiye kuti chilichonse chiyenera kukhala cha Garmin, pomwe sizili choncho.

ANT+ inayambitsidwa ndi kampani ya Dynastream ya ku Canada, imene Garmin inaigula mu 2006, ndipo mphamvu yake ndi yakuti sensa imangoulutsa manambala ake kwa chipangizo chilichonse chimene chikumvetsera. Lamba mmodzi akhoza kutumiza kugunda kwa mtima ku kompyuta ya pa handulo ndi ku wotchi ya pamkono pa nthawi imodzi popanda kulimbirana. Bluetooth imachita mosiyana, chifukwa masensa ambiri, makamaka akale, amavomera chipangizo chimodzi chokha, ndipo akagwirana ndi foni ndiye kuti kompyuta siwaonanso. Atsopano ena amalola ziwiri kapena zitatu, monga Polar H10 imene imalola ziwiri za Bluetooth kuphatikizapo ANT+. Mu 2025 amene amayang'anira ANT+ analengeza kuti asiya kupanga miyezo yatsopano ndi kuvomereza zipangizo zatsopano, zimene zikusonyeza kuti m'tsogolo muno zinthu zikulowera ku Bluetooth, koma zipangizo zimene zilipo kale zikupitirira kugwira ntchito monga mwa masiku onse. Phunziro lake pogula ndi lakuti kompyuta ikhale yomva njira zonse ziwiri, ndipo sensa iliyonse imene mudzagule mtsogolo ikhalenso yotumiza njira zonse ziwiri. Edge 540, 840, BOLT ndi ROAM zonse zimamva ziwirizi. Pa zotsika mtengo muwerenge bwino mtundu weniweniwo, chifukwa zazing'ono kwambiri zina zimamva Bluetooth yokha.

Ngati kumbuyo kwa sensa kulibe chizindikiro chilichonse mwa ziwirizi, mwina ndi ya makompyuta akale aja opanda GPS, amene sensa yake inkangolankhula ndi kompyuta imene inabwera nayo m'bokosi. Yoteroyo singalumikizane ndi chilichonse mwa zimene mwatchulazi ngakhale muisinthe batire kangati. Malamba akale ena a pachifuwa opangira makina a m'nyumba zolimbitsira thupi alinso chimodzimodzi.

Mwina mungafunse kuti sensa ya liwiro ndi yantchito yanji pomwe GPS imayeza kale liwiro. Pa msewu wotseguka wa ku Blantyre simungaone kusiyana, koma pansi pa mitengo ya paini ya pamwamba pa Zomba kapena ku Chikangawa, ndiponso pa makhota a chikweza pamene mukuyenda pang'onopang'ono, uthenga wa masetilaiti umafika mododometsedwa ndipo liwiro limadumphadumpha, nthawi zina kompyuta n'kuganiza kuti mwaima muli mkati mopalasa. Sensa yomangirira pa habu imawerenga kuzungulira kwa tayala lenilenilo, ndiye siisokonezeka ndi mitengo. Imangofuna kudziwa kutalika kwa kuzungulira kwa tayala lanu, mwachitsanzo mamilimita 2105 pa tayala la 700x25, ndipo makompyuta ambiri amadziwerengera okha nambalayi mukayenda pang'ono pamtetete. Masensa ambiri amagwiritsa ntchito kabatire kaphanthiphanthi ka CR2032, kamene kamapezeka m'masitolo a m'tauni ndi kwa okonza mawotchi, koma kumudzi musayembekezere kukapeza, choncho muzisunga kamodzi m'kachikwama ka zigamba.

Pali malo amodzi pamene dzina la kampani limakhala ndi kanthu, ndipo ndi pa magiya amagetsi. Kampani ya SRAM, imene imapikisana ndi Shimano popanga magiya, itagula kampani ya Hammerhead, kompyuta ya Hammerhead yotchedwa Karoo inachotsedwa mu 2022 mwayi woonetsa magiya a Shimano Di2, chifukwa Shimano inapempha kuti zitero. Ngati njinga yanu ndi ya magiya a waya monga zambiri za kuno, nkhani imeneyi sikukukhudzani. Chimodzimodzinso zoyezera mphamvu ya miyendo, zimene zimaikidwa m'mapedulo kapena pa kilanki: makompyuta onse amene mwatchula a Garmin ndi Wahoo amazimva, koma mtengo wake nthawi zambiri umafanana kapena kuposa wa kompyutayo, ndiye muziike pambali kaye.

Mayi wa ku Area 25 anayankha:

Bambo a ku Zomba, za masensa akulu a ku Limbe afotokoza mokwanira, ine ndilankhule za mapu, chifukwa ndi pamene anthu ambiri a kuno amakhumudwira atawononga kale ndalama. Choyamba mudziwe kuti GPS siifuna netiweki ya foni kapena bando. Chipangizocho chimangolandira uthenga kuchokera ku masetilaiti, ndipo mapu amakhala atasungidwa m'kati mwake, kotero ku Nyika kumene foni ingakhale chete icho chidzadziwabe pamene muli. Intaneti imafunika pokhapokha poika mapu, potumiza njira imene mwakonza, ndi pokweza ulendo wanu pa Strava mukabwerako.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu: mapu a Garmin, a Wahoo, a Hammerhead ndi a makampani ena ambiri amachokera kumodzi, ku OpenStreetMap, mapu a dziko lonse amene anayamba ku Britain mu 2004 ndipo amajambulidwa ndi anthu odzipereka. Tanthauzo lake ndi lakuti ngati kanjira ka ku Kachulu sikanajambulidwe pa OpenStreetMap, sikadzaoneka pa kompyuta ya madola 150 ndipo sikadzaonekanso pa ya madola 600. Mukhoza kuyesa zimenezi lero lomwe musanalipire kanthu. Tsegulani OpenStreetMap pa foni, pitani pa dera limene mumalidziwa bwino, ndipo muone ngati mphambano zimene mumasocherapo zilipo. Zimene muone pamenepo ndizo pafupifupi zimene mudzaone pa handulo.

Kunena zoona, dziko lathu linajambulidwa bwino kuposa mmene ambiri amaganizira, makamaka maboma amene amavutika ndi kusefukira kwa madzi monga Chikwawa ndi Nsanje, kumene anthu odzipereka akhala akujambula misewu ndi nyumba pothandiza ntchito za chithandizo. Chimene chimasowa kawirikawiri si mzere wa msewu koma mbiri yake: kodi ndi wa tala kapena wafumbi, kodi ndi wamchenga, kodi mlatho ulipobe. Namondwe Freddy wa mu 2023 anakokolola milatho ndi misewu yambiri ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera oyandikira, ndipo mapu sasintha okha tsiku limene mtsinje wasintha njira. Misewu ya m'minda ya tiyi ku Thyolo imaoneka bwinobwino pa sikirini, koma sikiriniyo siikuuzani kuti kutsogolo kuli geti ndi alonda. Palinso luso limene makampani amalitama kwambiri, losankha njira potengera kumene okwera njinga ena amadutsa kawirikawiri. Ku Leeds kwa mlamu wanu limagwira bwino ntchito chifukwa olemba maulendo awo ndi ochuluka zedi. Kuno a kabaza ndi alimi amene amadziwa tinjira tonse salemba maulendo awo pa Strava, ndiye lusolo lilibe pogwira kunja kwa misewu ikuluikulu.

Chifukwa cha zimenezi ine sindilola kompyuta kundisankhira njira. Ndimakonza ulendo kunyumba pa pulogalamu ya Komoot kapena ya Ride with GPS, ndikuyerekeza mapu ndi zithunzi za setilaiti kuti ndione ngati njirayo ikuonekadi pansi, kenako ndimautumiza ku chipangizo. Mukhozanso kulandira fayilo ya GPX, yosunga mzere wa njira, kwa mnzanu amene anadutsako kale, ndipo imeneyo imaposa mapu alionse chifukwa ndi njira imene tayala la munthu linapondadi. Mukamachita chonchi mudzaona kuti pali mitundu iwiri ya zipangizo. Zotsika mtengo zambiri zimangoonetsa mzere wa njira pa sikirini yopanda kanthu, ndipo mukapatuka zimangokuuzani kuti mwachoka pa mzere. Zapamwambako zimakhala ndi mapu enieni pansi pa mzerewo, kotero mukapeza mlatho utagwa mumaona misewu ina yozungulira ndipo chipangizo chikhoza kukuwerengerani njira yobwererera pa ulendo wanu. Pa maulendo amene mwafotokozawa, mtundu wachiwiriwu ndiwo woyenera ndalama zanu.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi pa nkhani ya mlamu wanuyo. Garmin yogulidwa ku Britain imabwera ndi mapu a ku Ulaya. Pa mitundu monga 540 ndi 840 mapu a madera ena amaikidwa kudzera pa pulogalamu ya Garmin Express ya pa kompyuta, ndipo mafayilo ake ndi akuluakulu, choncho mupempheni kuti aike mapu a Africa ali komweko kumene intaneti ndi yothamanga, ndipo ayang'ane kuti Zomba ikuoneka asanakwere ndege. Pa Wahoo mapu amasankhidwa pa foni malinga ndi dziko kapena dera ndipo amalowa pa Wi-Fi mwaulere, zimene ine ndimaziona zophweka. Kusiyana kwa 540 ndi 840 ndi kwakuti 840 ili ndi sikirini yogwira ndi chala ndi malo osungira ochulukirapo, ndipo imalola kulemba adiresi pa chipangizo pomwepo. Zinatuluka mu 2023 pa mitengo ya madola 350 ndi 450. Madola 100 owonjezerawo muwaganizire bwino, chifukwa kumene inu mukupita adiresi yake ndi "pa chigayo mukhotere kumanja", ndipo imeneyo palibe kompyuta imene ingaipeze.

Wanjinga wa ku Mzuzu anayankha:

Ine ndisiyana pang'ono ndi mayi amene alankhulawa pa mfundo yakuti mapu enieni ndi ofunika kwa aliyense. Anzanga ambiri kuno amayenda ndi kachipangizo kotsika mtengo koonetsa liwiro, mtunda, kugunda kwa mtima ndi mzere wa njira, ndipo akasokonezeka amatulutsa foni imene ili ndi mapu osungidwiratu a OsmAnd kapena Organic Maps, omwenso ndi a OpenStreetMap yomweyo koma pa sikirini yaikulu. Foniyo imakhala isanathe batire chifukwa siinali kulemba ulendo. Ndalama zotsalazo zimapita ku matayala abwino, omwe pa miyala ya msewu wa Gorodi wokwerera ku Livingstonia adzakuthandizani kuposa sikirini yamitundu.

Koma ngati mwatsimikiza zogula yapamwamba, achimwene, yang'anani batire musanayang'ane china chilichonse. Opanga amati BOLT yachiwiri imakhala maola 15, ROAM yachiwiri maola 17, Edge 540 maola 26, ndipo Coros Dura ya mu 2024, imene ili ndi sola, amati imafika maola 120. Manambala amenewa amatsika mukayatsa nyali ya sikirini, mukalumikiza masensa ambiri, ndiponso kukazizira monga kumachitira ku Nyika mu June ndi July. Malo ogona a m'njira si onse amene mungadalire kuti magetsi akhalapo usiku umene mwafika. Musankhe yotchaja ndi USB-C kuti waya wake ukhale umodzi ndi wa foni.

Kunsi kwa zipangizo zimenezi kumakhala timabowo ting'onoting'ono tolowera mpweya, momwe muli choyezera kukwera ndi kutsika kwa malo. Fumbi lofiira la mu October likasakanizana ndi thukuta limatseka timabowoto, ndipo chipangizo chimayamba kunena kuti muli pa chikweza muli pa chigwa. Muzitsuka ndi madzi pang'ono, osatokosa ndi singano.

Wakapalasa wa ku Zomba analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndatembenuza masensa aja monga munandiuzira akulu a ku Limbe. Lamba wa pachifuwa ali ndi chizindikiro cha Bluetooth chokha, ndipo ka mapedulo kalibe chizindikiro chilichonse, kali ndi kamaginito komangirira pa kilanki. Ndayang'ananso OpenStreetMap, ndipo msewu wa ku Kachulu ulipo pamodzi ndi mphambano zambiri, ngakhale tinjira tina ta m'minda ya mpunga palibe. Mtima wanga ukupendekera ku Edge 540 chifukwa cha batire. Kodi lamba wa Bluetooth yokhayu agwira ntchito pamenepo? Ndaonanso anthu akutchula nyali ya kumbuyo yokhala ndi rada, kodi imeneyo ili ndi phindu pa misewu yathu?

Mkonzanjinga wa ku Limbe anayankhanso:

Lambayo agwira ntchito, achimwene, bola akhale wa Bluetooth ya masiku ano imene zipangizo zamasewera zimagwiritsa ntchito. Mukhoza kutsimikiza lero pomulumikiza ku Strava pa foni yanu: akaoneka pamenepo adzaonekanso pa Edge 540. Kompyuta ikadzafika mudzamuchotse pa mapulogalamu a pa foni, apo ayi foni izimugwira poyamba m'mawa uliwonse ndipo kompyuta izingofufuza osamupeza. Mudzanyowetsenso mbali yokhudza khungu musanamuvale, chifukwa lamba wouma amapereka manambala osokonekera mpaka mutayamba kutuluka thukuta. Ka mapedulo kaja kasakudyereni nthawi. Mlamu wanu akugulireni masensa awiri atsopano, a liwiro ndi a mapedulo, amene nthawi zambiri amagulitsidwa m'bokosi limodzi, safuna maginito, amamangidwa ndi mphira, ndipo aone kuti pa bokosipo palembedwa ANT+ ndi Bluetooth.

Za 540 ndikugwirizana nazo pa chifukwa china chimene sichinatchulidwe, chakuti imayendetsedwa ndi mabatani okha. Pa msewu wa mabampu, manja ali thukuta kapena mvula ikugwa, batani limamveka pansi pa chala ndipo simufunika kuchotsa maso pa msewu. Kuvuta kwake ndi pamene mukufuna kusuntha mapu kuti muone kutsogolo, chifukwa ndi mabatani zimachedwa, ndipo pamenepo malangizo a achimwene a ku Mzuzu osunga mapu pa foni akuthandizani. 540 ilinso ndi GPS yolandira uthenga wa masetilaiti pa njira ziwiri, imene imachepetsa kusochera kwa mzere pansi pa mitengo, koma imadya batire, ndiye muziiyatsa ku Chikangawa ndi pamwamba pa Zomba, pa tala muziisiya.

Rada imene mukunenayo ndi monga Garmin Varia RTL515, imene imaona galimoto yobwera kumbuyo kuyambira pa mtunda wa mamita 140 ndi kuionetsa ngati kadontho kokwera m'mbali mwa sikirini, ndipo imagwira ntchito pa Wahoo ndi pa Hammerhead komwe. Pa misewu yotseguka monga M1 kapena M3, kumene m'mphepete mwa tala munadyeka ndipo mphepo imakulepheretsani kumva lole mpaka itafika, imakupatsani masekondi angapo oti musankhe potsikira. M'tauni ya Limbe imangolira osapuma chifukwa cha maminibasi ndi njinga zamoto, mpaka munthu umasiya kuimvera. Siikuuzani ngati woyendetsayo wakuonani, choncho kucheuka musakusiye. Ngati ndalama sizikwanira zonse pa ulendo uno wa mlamu wanu, yambani ndi kompyuta ndi masensa awiriwo, ndipo mumuuze aonenso kuti m'bokosi muli kachingwe komangirira chipangizo ku handulo, chifukwa pa mabampu a ku Gorodi chikhoza kudumpha pa chomangira chake n'kugwera kuphompho.